Kanga ya Timipando

Siwema ankagulitsa nsalu ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar es Salaam, m'kamsewu kothinana kaja kamene okoka ngolo amakuponda zala popanda n'pepani yemwe. Benchi lake linagundana ndi la Chausiku, mlamu wake. Ndikuti mlamu ngakhale ukwati unatha kalekale, chifukwa Chausiku anakana kulisiya dzinalo. Mchimwene wa Chausiku atamusiya Siwema n'kukatola mkazi wina ku Tandika, ati chifukwa m'nyumba simunkalira mwana, Chausiku ananena pamaso pa abale onse kuti wasudzula ndi mchimwene wakeyo, iye sanasudzule munthu. Anali mayi wa ana asanu ndi mmodzi, wathupi lake, pakamwa ngati lumo, ndipo msika wonse unkamutchula kuti Mayi a Kombo. Siwema yekha ndiye ankaitanidwabe ndi dzina lobadwa nalo ngati kamtsikana ka kusukulu, chonsecho imvi zinali zitayamba kale. Kuno kwathu mkazi amamuitanira dzina la mwana wake, ndipo amene alibe amamva kuwawa nthawi iliyonse akaitanidwa.

Siwema akaweramira foni, Chausiku ankamunena kuti wapeza kamdala kolemera, amuonetseko naye adyeko. Sankadziwa kuti mlamu wakeyo akuyang'anira gulu. Pa Mwangwi, tsamba lochezerapo lija linali mufoni ya aliyense mu Dar es Salaam zaka zimenezo, panali gulu lotchedwa Odikira, ndipo analiyambitsa ndi Siwema. Munali akazi okhaokha amene mimba inkawakana, ndi ena amene inkabwera n'kuchoka. Anali atayenda m'zipatala, kwa asing'anga, kumapemphero a usiku wonse, atamwa mizu yowawa mpaka lilime kuchita dzanzi. Chithunzi cha gululo chinali kampando kamiyendo itatu, kaja timakhalira kuseri kwa nyumba pophika ndi pochapa. Watsopano akalowa, moni wake unali umodzi: usalire wekha, tenga mpando.

Lamulo nalonso linali limodzi. M'gulumo munalibe kutchula dzina lenileni, kuonetsa nkhope, kapena kupatsana nambala ya foni. Pamenepa Siwema analibe chisoni. Wopempha nambala ya mnzake ankatuluka tsiku lomwelo, ngakhale alire chotani, chifukwa Siwema ankawadziwa bwino azilamu ndi apongozi a mumzinda muno, kuti akangonunkhiza nkhani salekera panjira. Choncho aliyense anali ndi dzina lodzipatsa. Kunali Ndimu, kunali Mvula ya Mawa, kunali wina wanthabwala amene anadzitcha Mayi a Palibe. Anthu amenewa mwina ankakhala mpando umodzi mu daladala, maminibasi athu aja, osadziwana, koma pafonipo ankauzana zimene sakanauza ngakhale amayi awo owabereka.

Mwa onsewo amene anamulowa Siwema mumtima anali Gulugufe. Ankalemba ngati akuthamangitsidwa, mawu kungotsatizana popanda popumira. Zochepa zimene Siwema ankadziwa za iye zinali zongotola apa ndi apo: anakwatiwa akadali wamng'ono, ankakhala tsidya lija la Kigamboni m'nyumba ya apongozi ake, ndipo zovala za nyumba yonse ankachapa ndi iye. Mwezi ukatha, apongoziwo ankamufunsa pamaso pa alendo ngati pali nkhani kapena akungomaliza mpunga. Mwamuna wake sanali wankhanza, ankatero, koma ankangokhala duu, ndipo foni ya mkazi wake ankaitenga nthawi iliyonse imene wafuna. Tsiku lina Gulugufe analemba kuti akakwera pantoni, chombo chija chowolotsa anthu panyanja pakati pa Kigamboni ndi tauni, amayang'ana madzi nthawi yaitali, ndipo madziwo amaoneka ofatsa kuposa anthu. Gulu lonse linamuunjirira tsiku limenelo mpaka anaseka. Kuyambira pamenepo Siwema sankayala nsalu pabenchi asanaone kuti mwanayo wapereka moni wa m'mawa.

Ndiye Mwangwi anagulidwa ndi eni ena, anthu amene sitinaonepo nkhope zawo koma ankafunitsitsa kuona zathu. Anatumiza uthenga wotsekemera wakuti pofuna kutiteteza, mwezi ukatha aliyense azioneka ndi dzina la pachiphaso ndi chithunzi cha nkhope yake. Anawonjezanso kuti pofuna kulimbikitsa ubale, aliyense amene ali ndi nambala yako aziona magulu amene ulimo. Kutiteteza, eti. Umuvule munthu pakati pa msika, uziti ukumuteteza ku thukuta.

Mzinda unawira. Sanali Odikira okha amene anali ndi chobisa. Kunali magulu a odwala matenda osauza anthu, a antchito odandaula za mabwana awo, a akazi othawa nkhonya. Onse anagwirizana zolembera kampaniyo, ndipo kampani inayankha kuti yathokoza chifukwa cha maganizo awo. Kenako anagwirizana zoti gulu lililonse lichotse chithunzi chake, liikepo chakuda bii, ndipo kwa sabata yathunthu pasapezeke wolemba kanthu. Siwema anaitanira anthu ake kuchionetserocho ndi mtima wonse. Tsiku lomaliza asanatseke pakamwa, Gulugufe analemba kuti iye sangadikire mwezi uthe, chifukwa apongozi ake ali ndi nambala yake, ndipo akaona dzina la gululo nyumba imuchepera.

"Amayi ine ndikufufuta Mwangwi lero lomwe koma mukamasamuka musandisiye chonde ndilibenso kwina," anatero, n'kuzimiririka.

Sabata yachete ija itatha, kampani inalengeza kuti lamulo silisintha, ndipo gulu limene lipitirize kukhala chete liperekedwa kwa woyang'anira wina. Apo n'kuti Ndimu, amene ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina m'tauni, atamanga kale katsamba kawokawo, kopanda zokongoletsa, kopanda mwini wofuna nkhope ya munthu. Anakatcha Kuseri. Siwema analemba adiresi yake pa Mwangwi kuti anthu asamuke, koma asanaphethire n'komwe uthengawo unali utafufutika. Makina a kampani anali atawauza kuti azimeza chilichonse chotchula tsamba lina. Anayesa kutalikitsa zilembo, makina anameza. Analemba papepala n'kujambula, anamezanso. Ulendo wotsatira anameza iye amene, dzina lake linatsekedwa.

Amene anaona adiresiyo m'kanthawi kochepako analipo, koma anali oti akhoza kukwana m'bajaji ziwiri, tinjinga tamoto tija tamatayala atatu. Ena onse anali atafufuta Mwangwi chifukwa cha mantha, ndipo sabata yachete ija inawazolowetsa kusayang'anako. Apa ndi pamene lamulo la Siwema linamutembenukira. Akazi mazanamazana, ndipo analibe nambala ya ngakhale mmodzi. Anali atatseka khomo molimba kuti afisi asalowe, tsopano ana anali panja ndipo sankadziwa kowaitanira. Ena sankamudetsa nkhawa kwambiri, anali akuluakulu odziwa kudzigwira. Koma Gulugufe ankakwera pantoni ija sabata iliyonse popita kukagula nsomba za apongozi ake.

Lamlungu lina Siwema anakwera pantoniyo. Anawoloka, anabwerera, anawolokanso, akuyang'anitsitsa mtsikana aliyense woima pafupi ndi chitsulo cha m'mphepete. Wina anamufunsa ngati akudziwana, wina anakumbatira chikwama chake poganiza kuti mayiyu ndi wakuba. Atatsikira ku Kigamboni anayenda m'tinjira ta mchenga akusuzumira zingwe zoyanikira zovala, ngati pali nyumba mumzinda muno imene sachapa. Nanga akanamupeza akanamufunsa chiyani? Kuti pepa mwanawe, kodi wosabereka uja ndiwe? Anabwerera dzuwa likupendeka, miyendo itatupa, mtima utalemera kuposa mmene anapitira.

M'mawa mwake anakankhira pambali chapati ndi tiyi zimene Chausiku anamuitanitsira. Chausiku anayamba ndi nthabwala, ati kamdala kaja kamusiya, asadandaule, amupezera kena kokhala ndi mano. Ataona kuti munthu sakuseka, anakoka chitini chake chokhalira n'kumuyandikira. Siwema anafotokoza zonse, za gulu, za lamulo lake, za mwana wa pantoni. Chausiku anayamba wapsa mtima kaye, monga mwa khalidwe lake. Zaka zonsezi akudyera mbale imodzi, iye kumangoyesa chibwenzi, kumeneko munthu akulera mzinda wonse mufoni? Atatha kukalipa anamukankhiranso mbale ija pafupi. Nzeru analibe, koma analumbira kuti chapati ija idyedwa ngakhale mokakamiza.

Nzeru inabwera ndi kasitomala. Anali mayi wina wa ku Magomeni, atafika akupuma mofulumira, akufuna kanga yoyankhira, ndikunena chitenje chija chokhala ndi mawu olembedwa m'munsi. Woyandikana naye nyumba anali atayanika pachingwe kanga yolembedwa mawu omunena kuti ndi wamiseche, ndipo anaiyanika dala moyang'ana pakhomo pake. Iye sakanapita kukatukwana, si wamisala. Ankafuna kanga ya mawu akuthwa kuti mawa naye ayanike. Siwema anayamba kufunyulula nsalu imodzi imodzi, mayiyo akupendeketsa mutu kuwerenga m'munsi mwake, ndipo akazi ena awiri odutsa anaima nawonso n'kupendeketsa mitu. Siwema anawayang'ana atatuwo, manja ake n'kuima. Zaka zonse zimene anagulitsa kanga anali asanaonepo mkazi wa mumzinda muno akudutsa kanga yachilendo osawerenga mawu ake. Timawerenga mu daladala, pamaliro, pamzere wa kuchipatala, ngakhale kanga ili pathupi la mdani. Ndipo makina a Mwangwi sayenda mumsewu.

Tsiku lomwelo anavula ndolo zagolide zimene anamuveka paukwati uja, nati zakhala zikudikira ntchito nthawi yaitali, n'kukazigulitsa. Anapita ku Buguruni kwa a Hamduni, mkulu amene amadinda nsalu zofanana za paukwati ndi pazikondwerero. Anawauza kuti akufuna kanga yobiriwira, pakati pake timipando tamiyendo itatu tachikasu, m'munsi mawu akuti USALIRE WEKHA, TILI KUSERI, ndipo m'mphepete monse adiresi ya tsamba ibwerezedwe ndi tizilembo tating'ono pakati pa maluwa. A Hamduni anavula magalasi. Anati adindapo nsomba, maembe, ngakhale mawilo a njinga, koma mipando ayi, kodi mayi akutsegula malo ogulitsira tiyi? Siwema anawauza kuti adinde basi, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika abwera kudzagona pakhomo pawo.

Mtolo utafika, Siwema anauza anthu ochepa aja a ku Kuseri kuti aliyense atume munthu adzatenge yake, avale, ayende nayo mumzinda. Mayi a Palibe, amene nthawi zonse ankaseketsa anthu, ulendo uno sanaseke. Anati achoka pa Mwangwi pokana kuonetsa nkhope, ndiye tsopano avale chikwangwani m'chiuno, kuti aliyense wotsegula adiresiyo adziwe kuti wovalayu ndi chumba? Ena onse anavomereza. Ndipo ankanena zoona, Siwema sakanawatsutsa. Anavala yekha. Anayenda nayo ku Ilala, ku Temeke, anakweranso nayo pantoni, koma kanga imodzi mumzinda wa anthu ochuluka chonchi ndi mchere wa pansonga ya supuni m'chitsime. Mtolo unangokhala pansi pa benchi, iye n'kumaupondera mapazi.

Chausiku anapirira masiku angapo, kenako zinamukwana. Anawerama, nasolola kanga imodzi mumtolomo, naikutumula kuti fumbi lichoke, n'kuizunguliza m'chiuno mwake muja mofuna nsalu yonse. Anaima pakati pa kamsewu, manja m'chiuno, okoka ngolo akumuzungulira.

"Mlamu, ine ndabereka mpaka azamba anatopa nane. Abwere munthu andinene kuti ndine chumba, ndimuonetse mano a Kombo pamene anandiluma. Anthu akowo akuopa kuvala chifukwa avala okha. Tikavala tonse, adzaloza ndani?"

Mwana wake wamkazi, Mwamvua, ankakwatiwa mwezi wotsatira, ndipo nsalu yofanana ya akazi a paukwatiwo inali isanasankhidwe. Chausiku analengeza kuti yasankhidwa. Mwamvua analira, ati anzake amavalitsa anthu maluwa ndi nyenyezi, iye ukwati wake anthu adzavale mipando ngati msonkhano wa makolo kusukulu? Mayi ake anamuuza kuti akadzabereka mwana wake adzasankhe yekha. Kuchikazi anagula, kuchimuna anagula monyinyirika, amsika onse anagula poopa pakamwa pa Chausiku. A Hamduni anadindanso kachiwiri, osafunsanso za tiyi.

Abale inu, ukwati umenewo unali wa timipando. Holo yonse inangoti chikasu pa chobiriwira, agogo, anamwali, amayi oyamwitsa, apakati, onse akutimba gule ng'oma ikulira. Siwema anavina mpaka thukuta kulowa m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba paukwati wa munthu palibe anamuyang'ana pamimba. Anthu anajambula ndi mafoni awo, ndipo mukudziwa kumene anakaika zithunzizo? Pa Mwangwi pomwepo. Makina aja anayang'ana, anaona akazi onenepa akuvina, analola. Kampani inanyamula yokha pamsana uthenga umene inkaumeza, n'kuufikitsa m'foni iliyonse mumzinda.

Sabata isanathe anthu anayamba kufika pabenchi akufunsa kanga ya timipando. Ambiri sankadziwa kanthu, anangoikonda poti ndi yachilendo ndipo mawu ake ndi oti ukhoza kuvala pamaliro, paukwati, ngakhale pokazonda wodwala. Koma ena ankafika mwakachetechete, n'kugwira m'mphepete mwa nsalu nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Siwema sankawafunsa kanthu, nawo sankanena kanthu. Ankangowapindira bwino n'kuwayang'ana m'maso pang'ono. Madzulo ake ku Kuseri kunkagogoda munthu.

Kenako akuba nzeru anailowerera. Mwezi usanathe, kanga ya timipando inali m'masitolo a ogulitsa zambiri, yodindidwa kwina, nsalu yopyapyala, ina yofiira, ina yabuluu. Chausiku anafuna kukamenya munthu. Anabwera nayo imodzi akuikoka ngati khutu la mwana wosamvera, ati taona mbava zatibera. Siwema anaitenga, anayang'ana m'mphepete, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira benchi. Anthu okopera sasankha, amakopera ndi chilema chomwe. Adiresi inali pomwepo, chilembo ndi chilembo, ndipo tsopano inkapita ku Morogoro, ku Tanga, ku Mwanza, pa mabasi amene Siwema sanalipire. Anauza mlamu wake kuti akawaona akubawo awagulire soda.

Odikira anabwerera ngati nkhuku madzulo, mmodzi mmodzi kenako chigulu. Aliyense ankafika ndi nkhani yake. Mvula ya Mawa anaiona pa mayi wogulitsa chinangwa chokazinga, ndipo anagula chinangwa katatu kuti amalize kuwerenga. Wina anaiona itaberekera khanda pamzere wa kuchipatala, nati sanaganizepo kuti mwana wa mwini angamusonyeze njira. Kunabweranso atsopano amene pa Mwangwi sanaliko n'komwe. Mayi a Palibe anapepesa, nati tsopano ali nazo zitatu ndipo mlamu wawo wa ana asanu wawabwereka imodzi. Magulu ena ataona zimenezi anatengera. Adiresi zinayamba kuoneka kumbuyo kwa bajaji, pa malaya a mpira, pa zophimbira matayala.

Ku Mwangwi kuja kampani inachitadi zimene inanena, inapereka gulu la Odikira kwa woyang'anira wake. Ndimu ankasuzumirako n'kumabweretsa nkhani. Ati munthuyo amapereka moni m'mawa uliwonse m'nyumba yopanda anthu, ndipo makina, poona kuti mawu akuti mwana ankatchulidwa kwambiri m'gulumo, adzazamo malonda a matewera. Patapita miyezi, magulu atatha kusamuka, kampani inatumiza uthenga wina wotsekemera, ati yamva madandaulo athu, lamulo lija yalichotsa, tibwerere kunyumba. Mayi a Palibe anayankha m'malo mwa onse kuti mwamuna amene anakuvula pagulu akabwera ndi nsalu yatsopano, umalandira moni wokha. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera.

Ku Kuseri kunali chisangalalo, anthu akumwa wamkaka. Siwema ankayamikira nawo, koma m'mawa uliwonse asanayale nsalu ankatsegula foni n'kuyang'ana dzina limodzi, ndipo silinkaoneka. Nyengo ya mvula inabwera, Kariakoo inasanduka matope, inapita. Anayamba kuopa nkhani za pa wailesi zonena za kunyanja. Chausiku ankamuuza kuti mwina mwanayo anaima, ali ndi pakati, waiwala za anthu odikira. Siwema ankati zikanakhala choncho akanasangalala, koma mtima wake sunkavomera. Anali atapambana kampani yonse, koma chimene anapemphedwa ndi mwana mmodzi anali asanachichite.

Linali tsiku wamba, dzuwa lili pamutu, Siwema akudula nsalu ya mayi wina wovuta amene ankati wamubera nsalu yotalika chala chimodzi. Foni inalira m'thumba. Anamaliza kudula, anapinda, anatsanzikana ndi mayiyo, n'kuitulutsa. Ndimu anali atalemba kuti pakhomo pali munthu akuti ndi wakale, ndipo kalembedwe kake Siwema akazindikira yekha. Pansi pake panali uthenga wautali wopanda popumira.

Gulugufe anafotokoza kuti miyezi yonseyi sankatuluka kupatula kukagula nsomba, ndipo akatuluka ankayenda chowerama, sankaona zimene anthu avala. Apongozi ake ndi amene anapita kumaliro ku Mbagala n'kupeza akazi onse avala kanga ya timipando, iwo okha ayi, ndipo anabwerako atakwiya kuti aoneka otsalira. Anagula yawo, anaivala sabata yonse, kenako anamuponyera pamodzi ndi zovala zina, namuchenjeza kuti akaisulutsa aona. Anaichapa osaiyang'ana. Poiyanika pachingwe ndi pamene anaona kampando kali pamphuno pake, n'kutsitsa maso kuwerenga mawu a m'munsi. Anakhala pansi pomwepo, pamadzi a sopo. Kulemba adiresi sakanatha, apongozi anali pakhonde, choncho anaiwerenga mobwereza uku akunamizira kukonza zopanira. Usiku zilembo zina zinamuthawa, ndiye m'mawa mwake anaitenga kanga yoyera kale ija n'kuichapanso. Apongozi ake anauza woyandikana nawo kuti mtsikanayu ngakhale sabereka koma kuchapa ndiye amatha, ndipo aka kanali koyamba kumuyamikira chikwatiwire.

"Lero ndawoloka pantoni amayi ndipo madzi sindinawayang'ane n'komwe ndinatanganidwa ndi kuwerenga kanga za anthu timipando tinali paliponse ndimangoti kaya uyu ndi wathu kaya uyu ndi wathu. Ndinadziwa kuti simungandisiye."

Siwema anafuna kuyankha koma zilembo zinkasambira m'misozi. Analemba mawu awiri okha, tenga mpando, n'kukhala pa mtolo wa nsalu, nalira mokweza ngati pamaliro, iye amene sanalire ngakhale tsiku limene ankatuluka m'nyumba ya mwamuna wake. Chausiku anasiya kasitomala ali chigwirire nsalu, anathamanga, analanda foni poganiza kuti kwagwa zovuta. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, ndipo atafika pa apongozi ovala uthenga sabata yonse anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anabwerera pamwamba n'kuwerenganso, chala chili pa liwu limodzi.

"Akukutchula kuti amayi," anatero.

Siwema anati onse amatero, ndi ulemu chabe. Chausiku anapukuta m'maso ndi nsonga ya kanga yake, anaimirira, n'kuitana mayi wogulitsa tiyi tsidya la kamsewu ndi mawu ake aja omveka mpaka kokwerera mabasi.

"Matiyi awiri kuno, wamkaka, ndi chapati zotentha. Wina wanga, wina wa Mayi a Gulugufe."

Wogulitsa tiyi anafunsa kuti Mayi a Gulugufe ndiye ati. Chausiku analoza ndi chibwano munthu amene anali pa mtolo akupukuta mphuno. Mayiyo sanafunsenso, pamsika dzina silifuna chiphaso. Pobweretsa tiyi anati nayu tiyi wanu Mayi a Gulugufe, wokoka ngolo wina anamva, mawa lake anamupatsa moni ndi dzina lomwelo, ndipo sabata isanathe linali litafika kumapeto kwa msewu. Ena mpaka lero amaganiza kuti Gulugufeyo ndi mwana amene ali kusukulu kutali, ndipo amafunsa kuti ali bwanji. Siwema amayankha kuti ali bwino, wapereka moni m'mawa.